Khadi la Mfumu Sindilakwa

Inu a masiku ano, amene mumayenda ndi kompyuta m'thumba ngati mtedza wokazinga, simungaimvetse kompyuta ya ku Ombanim'manja, ufumu umene pamapu simudzaupeza ngakhale mutavala magalasi awiri. Ija sinali yonyamula ayi. Inabwera pa malole asanu ndi anayi, chifukwa Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inamva kuti ya mfumu yoyandikana nayo inabwera pa malole asanu ndi atatu. Kuti ilowe mumzinda wa Gwadani anagwetsa chipata cha mzinda pamodzi ndi nyumba khumi ndi ziwiri, eni nyumbazo ali chiimire kuomba m'manja monga mwa lamulo.

Anaimangira nyumba yakeyake, yaikulu ngati tchalitchi koma yopanda zenera. M'katimo munali makabati achitsulo ataliatali, mizeremizere, ndipo m'mimba mwa makabatiwo munkayaka timababu totchedwa mavalavu, zikwi zisanu ndi chimodzi, totentha moti ukadatha kuwotcherapo chimanga. Chifukwa cha kutenthako anaiikira makina ouzira mphepo yozizira, kotero mu ufumu wonse chinthu chokhacho chosatuluka thukuta mwezi wa Okutobala chinali kompyuta. Akangoiyatsa, magetsi a mzinda wonse ankathima, zigayo n'kuima, amayi n'kubwerera ku mtondo.

"Mlendo wa mfumu wadzuka, tiyeni tikasinje," ankatero mayi Nachisale, wogulitsa tomato pamsika wa Tikadalipo. "Ati amaganiza msanga kuposa munthu. Nanga bwanji osaganiza kuti ife tikufuna ufa?"

Makina atafika m'pamene nduna zinakumbukira kuti sizinawapezere ntchito. Bwalo linakhala masiku atatu, n'kugamula kuti awerenge anthu onse a mu ufumu, kuti mfumu idziwe kuchuluka kwa manja amene amaiombera.

Tsono makinawo sunkalankhula nawo pogogoda n'kuona yankho pagalasi. Galasi panalibe. Mawu aliwonse ankayenera kubooledwa pa khadi la pepala lolimba, lalikulu ngati chikhatho chotambasula, ndipo chilembo chilichonse chinali ndi mabowo akeake. Ukaboola makhadi ako unkawasanja m'thireyi, n'kupereka kwa amuna ovala makhothi oyera, n'kudikira. Yankho linkatha kubwera mawa, kapena mkuja. Bowo limodzi likalakwika unkayambiranso.

Ntchito yoboolayo inali ya amayi khumi ndi awiri, ndipo wa zala zothamanga kuposa onse anali Elube. Iye ankatha kukweza khadi ku kuwala n'kuwerenga mabowo ngati kalata ya kwawo. Mwamuna wake Layisoni ankagwira momwemo. Mavalavu aja ankapsa tsiku ndi tsiku, ndiye Layisoni ankayendayenda kuseri kwa makabati ndi dengu, kuzula akupsa n'kuika atsopano. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kunama, ndipo ku Ombanim'manja amenewo ndi matenda oopsa kuposa chifuwa chachikulu. Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Ndaziona.

Mu ufumuwo munali lamulo lakalekale lotchedwa Lamulo la Dzina. Dzina la mfumu silinkang'ambidwa, kupindidwa, kupondedwa kapena kubooledwa, chifukwa ati wolasa dzina walasa mwini dzina. Kalendala sankaikhomera ndi msomali, ankaikhazika pampando. Nyuzipepala sankakulungira nayo nsomba, ndipo popeza dzinalo linali pa tsamba lililonse, mabanja ena anamanga timanyumba tosungiramo nyuzipepala pamene ana akugona kukhitchini. Wophwanya lamuloli ankapita kundende ya Iwalani moyo wake wonse. Mlonda wa lamuloli anali a Mlomowauchi, Nduna ya Miyambo ndi Kugwada, bambo amene mawondo awo anachita zikang'a ngati a mbuzi.

Tsiku lotsegulira linafika. Anakonza zoti makinawo asindikize mayina a kunyumba yachifumu, kuyambira ndi mwini wake. Mfumu inalowa itafunda mabulangete awiri chifukwa cha kuzizira, ndipo pambuyo pake a Mlomowauchi ankayenda chogwada atanyamula khadi la mfumu pa khushoni. Elube analiyang'anitsitsa khadilo. Linali lokongola ndithu, dzina lolembedwa pamanja ndi inki ya golide, maluwa m'mbali. Koma bowo ngakhale limodzi panalibe. Anayang'ana amuna a makhothi oyera, onse anali kuyang'ana nsapato zawo.

Makina anameza makhadi, timagetsi tinaphethira, anthu anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenako makina osindikiza anayamba kulira ngati matalala padenga la malata. A Mlomowauchi anasolola pepala, nakhosomola, nayamba kuwerenga mokweza.

"Munthu woyamba mu ufumu wa Ombanim'manja ndi..."

Analekezera pomwepo. Khadi la golide makina analidumpha ngati tsamba louma, n'kuyambira pa lachiwiri, ndipo lachiwirilo linali la a Mlomowauchi eni ake. Ha! Simunaone nkhalamba ikugubuduka pansi mwachangu chotero.

"Sindine, mfumu ya mafumu! Ine ndine phulusa, ndine chopondera mapazi anu! Pali wina walowetsa dzanja m'mimba mwa makinawa!"

Ndipo mu ufumu wonse, munthu amene dzanja lake linkakhaladi m'mimba mwa makinawo anali mmodzi. Anamukoka Layisoni kuseri kwa makabati, dengu lili m'manja. Elube anamuyang'ana ndi maso omupempha kuti akhale chete, koma munthu wosadziwa kunama sadziwanso kukhala chete.

"Mfumu ya mafumu, makinawa alibe maso," anatero Layisoni. "Amangomva mabowo basi. Khadi lijali likadakhala kuti..."

"Mwamva!" anakuwa a Mlomowauchi. "Likadakhala kuti chiyani? Malizitsa, tikumve tonse!"

Layisoni anaika dengu pansi. Mfumu inakoka bulangete, n'kuweruza mwachifundo monga mwa chizolowezi chake: "Akakhale ku Iwalani. Tsiku limene makinawa adzanditchule, adzatuluka."

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankayesanso. A Mlomowauchi anachotsa khadi lawo mwachangu, nalamula kuti kumbuyo kwa khadi la golide kuziikidwa makhadi makumi awiri opanda kanthu, kuti dzina la munthu wamba lisayandikire la mfumu. Wosanja makhadi opanda kanthuwo m'thireyi anali Elube. Makina ankameza, mzinda n'kukhala wopanda magetsi tsiku lonse, pepala n'kutuluka loyera mbee.

Bwalo silinagone. Poyamba linagamula kuti makinawo ndi mlendo, sakudziwa mwambo, ndiye kwaya ya amayi inkabwera kudzawaimbira nyimbo ya fuko mpaka onse oimba anagwidwa chimfine. Kenako linati mwina akwiya chifukwa alibe udindo, ndiye anawapatsa ukaputeni wa asilikali, n'kumata nyota zitatu za usilikali pa kabati yoyamba. Anaitana sing'anga wa kumapiri, amene anawaza mankhwala amadzi kuseri kwa makabati, mavalavu mazana atatu n'kuphulika nthawi imodzi. Amuna a makhothi oyera ankalemba malipoti aatali onena za chinyezi ndi nyengo. Aliyense m'nyumbamo, kuyambira wamkulu mpaka wosesa, ankadziwa chovuta, koma kuchitchula kunali kupempha malo pafupi ndi Layisoni.

Anadutsa Malachisanu khumi ndi anayi. Elube ankapita ku Iwalani Lamulungu lililonse, ndipo ulendo uliwonse ankapeza mwamuna wake atachepa. Chifuwa chinayamba, miyendo inatupa. Kunyumba Ndaziona analeka kufunsa za bambo ake, ndipo zimenezo zinamupweteka Elube kuposa mafunso aja.

Tsiku lina pamsika mayi Nachisale anamukokera pambali pa benchi.

"Mayi a Ndazi, inu ndi amene mumadziwa chilankhulo cha chilombocho. Bwanji osangochiuza dzinalo, bambo abwere?"

"Kuchiuza kwake n'kuboola, mayi."

Mayi Nachisale anayang'ana uku ndi uku, nayamba kusanja tomato amene anali wosanjidwa kale. "Ine makutu angawa anafa chaka chatha, sindinamve kanthu. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tengani awiriwa, ndi basela."

Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, amuna a makhothi oyera ndi amayi anzake atatuluka kukadya, Elube anatsala, ponamizira kuti mutu ukumupweteka. Anatenga khadi limodzi lopanda kanthu, nakhala pa makina oboolera.  Anali ndi mantha, mantha enieni. Komabe anaboola, chilembo ndi chilembo: MFUMU YA MAFUMU SINDILAKWA WACHIWIRI. Tizidutswa ta pepala totuluka m'mabowo anatitola tonse, natitafuna, n'kumezera madzi. M'mawa mwake posanja thireyi analilowetsa khadilo kumbuyo kwenikweni kwa la golide.

Madzulo a Lachisanulo makina osindikiza analira pang'ono chabe, n'kuima. A Mlomowauchi anasolola pepala mwaulesi, naliyang'ana, n'kuliyang'ananso. Kenako anagwa chagada.

Abale inu, chisangalalo chimene chinachitika! Mabelu analira, mizinga inaombedwa, wailesi inalengeza kuti chitsulo chopanda maso chazindikira mbuye wake mwa chikondi chokha, popanda bowo, popanda munthu kuchiphunzitsa. Ana asukulu anapatsidwa tchuthi kuti akaombe m'manja bwino. Pamsika mayi Nachisale anangoti, "Miyezi itatu, magetsi a mzinda wonse, kuti chiphunzire dzina limodzi. Mdzukulu wanga anaphunzira sabata imodzi, ndipo amangodya phala."

Pamene onse anali kuvina, Elube anatulutsa khadi lake m'thireyi n'kulibisa mu bulawuzi. Anafika kunyumba akuseka yekha mumsewu. Anachapa malaya a Layisoni, nawasita, namuuza Ndaziona kuti asese pakhomo.

Loweruka bwalo lalikulu linasonkhana, ndipo ogwira ntchito ku makina onse anaitanidwa. Elube anakhala kutsogolo, malaya a mwamuna wake atawapinda bwino pamiyendo. A Mlomowauchi analankhula maola awiri. Anayamika mfumu, anayamika makolo a mfumu, anayamika inki ya golide. Kenako anatsitsa mawu.

"Tsopano pali nkhani ya mkaidi uja. Mfumu ya mafumu, taonani nzeru zanu! Munthu uja ali m'nyumba ya makina, makina anakukanani. Munthu uja mutamuchotsa, ululu wake unatha pang'onopang'ono, ndipo dzulo makina akutchulani. Tikufunanso umboni wanji? Poyamba tinkangomuganizira, lero tatsimikiza. Munalonjeza kumasula woganiziridwa, inde, ndipo inu simulakwa. Koma mfiti yotsimikizika simunailonjeze kanthu."

Mfumu inagwedeza mutu, ikusangalala ndi nzeru zimene inangouzidwa kuti ndi zake. "Akhale komweko," inatero.

Manja anaomba.  Elube sanadziwe mmene anaimirira, anangozindikira ali pakati pa bwalo, osagwada n'komwe, khadi lili m'mwamba.

"Ndaboola ndine!" anakuwa. "Makina sanazindikire munthu, awerenga khadi ili. Dzina la mfumu ndalilasa ndine, Lachinayi masana. Mwamuna wanga alibe mlandu. Nditengeni ine, iye atuluke!"

 Asilikali anayang'ana nduna, nduna zinayang'ana mfumu, mfumu inayang'ana a Mlomowauchi. Nkhalambayo inayenda pang'onopang'ono, inalandira khadilo ndi zala ziwiri, n'kulitembenuza uku ndi uku. Kenako inaseka, kuseka kokoma kwa munthu wachifundo.

"Nduna zinzanga, talionani. Pali dzina apa? Ndani akuona chilembo?"

Khadi linayenda m'manja mwa nduna zonse. Nduna ya Maphunziro inaliyang'ana chozondoka. Nduna ya Zaulimi inati likufanana ndi tsamba lodyedwa ndi mbozi. Palibe anaona dzina.

"Ndi mabowo chabe," anatero a Mlomowauchi. "Bowo ndi malo amene palibe kanthu. Kodi mayiyu akufuna kunena kuti dzina la mfumu yathu ndi malo opanda kanthu?"

"Liikeni m'makina muone!" anatero Elube, misozi ili chuchuchu.

"Tikaliika makina atchula mfumu, inde, chifukwa amaikonda. Tikatero tatsimikiza chiyani? Komanso wailesi yalengeza kale kuti panalibe bowo, ndiye munthu angavomere bwanji mlandu umene boma lanena kuti sunachitike? Mfumu ya mafumu, mayiyu chimwemwe chamuzunguza mutu. Wasanja thireyi Malachisanu khumi ndi asanu osadandaula. Ine ndikupempha kuti alandire mendulo."

Mfumu inakonda zimenezo, chifukwa inkakonda kupereka mamendulo. Manja anaombanso. A Mlomowauchi anawerama kuti amumange menduloyo pa bulawuzi, ndipo ali chiweramire anamubwezera khadi lija m'dzanja, n'kumupinda zala kuti aligwire. Analankhula motsitsa, kumwetulira kuli pankhope.

"Lachisanu likubwerali khadili lisasowe m'thireyi, mayi. Ndi Lachisanu linalo, ndi linalo. Makina akadzangokhalanso chete, ndiye kuti mwamuna wanu akulodzabe ali kundende. Mfiti yotero mankhwala ake ndi chingwe."

Lamulungu Elube anapita ku Iwalani ndi chinangwa chophika. Msilikali wa pachipata anamusecha monga mwa masiku onse, koma ataona mendulo anamuchitira sawatcha n'kumudutsitsa kutsogolo kwa mzere. Khadi analiyang'ana n'kumubwezera. Nayenso anangoona mabowo.

Layisoni anabwera pawaya akukoka miyendo. Nkhani anali ataimva kale, chifukwa ngakhale akaidi anawatulutsa panja kuti aombe m'manja.

"Bambo a Ndazi, ndakutsekerani ndine," anatero Elube. "Ndimati ndikutsegulireni, ndakutsekerani ndine."

"Tandionetsani."

Elube anakanikiza khadilo pawaya, dzuwa lili kumbuyo kwake. Layisoni anawerenga mabowo limodzilimodzi, milomo ikugwedera, mpaka kumapeto.

"Simunalakwitse ngakhale limodzi," anatero. "Muziliika, mayi a Ndazi. Ine ndikufuna kukhala moyo, ngakhale muno."

"Ndiziliika. Koma makina aja amafa okha kawiri pasabata, mukudziwa inu. Amene anakulowani m'malo amangozula mavalavu ali bwino n'kusiya akupsa. Nanga Lachisanu limene adzafe okha?"

Layisoni anakhosomola. Anayang'ana msilikali amene anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Kenako anasendeza nkhope kufupi ndi waya.

"Mverani bwino, nthawi ndi yochepa. Lachinayi lililonse muzitsala masana, muzizula mavalavu akupsa n'kuika atsopano. Muziyambira kabati yachitatu kuchokera kukhomo, mzere wapansi, ndi umene umavuta. Musakhudze ndi dzanja lonyowa. Mwamva? Bwerezani."

Elube anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nayamba kubwereza mawu a mwamuna wake kuti awasunge pamtima, chifukwa pensulo anali atamulanda pachipata.